Sosi wa a Madamu a ku Peru ndi Tchire la M'khola la Nkhuku

Anthu akandifunsa kuti ku Lusaka ndinabwerako ndi chiyani, ndimangowalozera malata a nyumba yangayi. Chimene sindiwauza n'chakuti ndinabwerakonso ndi nsanje. Malatawo ayamba kale kuchita dzimbiri, koma nsanje ija ikadali yatsopano. Musaganize kuti ndi ya mwamuna, iyayi, zimenezo ndinazisiya kalekale. Yanga ndi ya khitchini, khitchini ya eni ake imene ndinkaiyesa yanga, mpaka mwana amene ndinachita kumutenga ndekha pamanja anandilanda ndikuona.

Ndinachoka kwathu ku Mchinji bambo a Dalitso atamwalira. Mwanayo ndinamusiya kwa akulu anga akadali wosadziwa kudzisambitsa. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anali ndi abale ake ku Ng'ombe, imodzi mwa makomboni a ku Lusaka, ndipo anandiuza kuti kumeneko munthu wodziwa kuchapa ndi kusita sagona ndi njala. Ndinapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya banja la a Tembo, anthu ochokera ku Petauke. Chilankhulo tinkamvana, kungoti chawo chinali chothamanga. Ine ndikati zinthu, iwo amati vinthu, ndipo ana awo ankanditsatira kuti andimve ndikulankhula n'kumakandiyeserera kuseri.

Ku Ng'ombe m'mawa kumatuluka anthu ngati mtsinje. Azimayi a m'nyumba, azibambo a m'maluwa, tonse ulendo wapansi kulowera ku mayadi a anthu olemera. Alonda tinkakumana nawo panjira akubwerera, maso ali psuu, ife tikupita iwo akubwera. Nthawi ya mvula nsapato tinkanyamula m'jumbo n'kukavalira pageti. Panjira imeneyo ndi pamene ndinapeza anzanga. Tinkauzana nyumba imene ikufuna munthu, bwana amene amakalipa, ndiponso galu amene amaluma. Wina akadwala tinkakamugwirira ntchito kuti malo ake asapite. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kumudzi kudzera kwa kondakitala wa basi ya ku Chipata, wa kwathu komweko.

Nditazunzika m'nyumba zingapo, ndinalowa kwa a Madamu a ku Peru. Dziko limenelo ndinali ndisanalimvepo. Anali mayi wamfupi, wa tsitsi lakuda bii, woseka mokweza moti mlonda ankamva ali kugeti. Amuna awo ankagwira ntchito za migodi ndipo nthawi zambiri sankakhalapo. Ndinayamba ndi kuchapa, koma ataona mmene ndinkadulira anyezi anandilowetsa m'khitchini. Tsiku limenelo ndinayenda njira ya ku Ng'ombe ngati ndavala nsapato zatsopano. Wophika ndi wophika. Sakhala padzuwa, manja ake sang'ambika ndi sopo, ndipo anzake panjira amamupatsa moni woyamba.

M'nyumba imeneyo chilichonse chinkadyedwa ndi sosi wobiriwira. Nkhuku yootcha, mbatatesi, mpunga, ngakhale buledi. A Madamu anandiphunzitsa okha. Tinkatenga daniya wambiri, zitsamba zonunkhira zija amwenye amathira m'ndiwo, masamba ndi timitengo take tomwe, tsabola wobiriwira titamuchotsa njere zina, adyo, anyezi wamasamba, madzi a mandimu, kachidutswa ka tchizi choyera, mafuta pang'ono ndi mayonezi, zonse n'kuponya mu bulenda, makina aja operera zinthu. Zikagayika zinkatuluka zosalala, zobiriwira ngati fodya wa panazale. Kulawa koyamba mphuno inayamba kuchucha, koma lilime linkafunabe.

Vuto linali pa kulawa pomwepo. A Madamu sankayeza kanthu. Ankangotunga ndi supuni n'kundilozetsa kukamwa.

"Lawa. Chikusowa n'chiyani?"

Ine kudya pamaso pa bwana, chiimirire, supuni atagwira iwo! Ndinkailandira ndi manja awiri, n'kutembenukira kukhoma, n'kulawa.

"Zili bwino, Madamu."

"Mchere? Mandimu?"

"Zonse zili bwino, Madamu."

Nthawi zina mchere unkachepadi, ndipo ndinkamva. Koma ine ndinaleredwa. Mayi anga ankati chakudya cha mwini wake suchinena, ngakhale apongozi atakupatsa ndiwo zopanda mchere umadya n'kuthokoza. Ndiye ndinkadikira a Madamu atuluke, n'kuthiramo kamchere mwakachetechete. Patebulo ankadya n'kumayamikira dzanja lawo. Ine mumtima ndinkati ulemu ndi umenewu, ndipo mpaka lero ndikuti ndi umenewu.

Kuseri kwa zinthu zonse mu filiji munali kabotolo kochokera kwawo. Munali zinthu zakuda mobiriwira zimene ankazitcha wakatayi, ndipo ankangotapa ndi nsonga ya supuni, kuopa kutha. Tsiku lina anakatsegula n'kundinunkhiza. Fungo litangondifika ndinaona khola la nkhuku la mayi anga. Linali tchire lija lomera lokha m'mbali mwa minda, lalitali, la timasamba tong'ambikang'ambika ndi timaluwa tachikasu. Kwathu timalithyola n'kuliyala pamene nkhuku zimaikira mazira kuti utitiri uthawe, ndipo linthumbu likalowa m'nyumba timaliika pakhomo. Ngakhale mbuzi imalidutsa.

A Madamu anali atatsinzina, kabotolo kali pamphuno.

"Fungo la kukhitchini kwa mayi anga limeneli," anatero. "Kuno kulibe. Ndafunafuna m'masitolo monse."

Tsono mundiuze inuyo. Munthu akukumbukira mayi ake, misozi ili pafupi, ine wantchito ndimuuze kuti chakudya cha mayi akecho kwathu n'chothamangitsira utitiri? Ndinati, "Chikununkhira bwino, Madamu." Zimene ndinkadziwazo ndinazisunga mumtima, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadutsa tchire limenelo m'mbali mwa ngalande ya ku Ng'ombe, litatalika kundiposa. Kabotolo kanatha. Sosi tinkapangabe, koma a Madamu akalawa ankapumira m'mwamba. Kabotolo kopanda kanthuko sanakataye, ankakatsegula nthawi zina kuti angonunkhiza.

Kenako a Madamu anabereka, ntchito inachuluka, ndipo ndinapempha kuti pakhale wondithandiza kuchapa. Walira mvula walira matope. A Tembo anali ndi mwana wamkazi, Tisa, wobadwira mu Lusaka momwemo. Sukulu anali atamaliza, ndipo ntchito yake inali kukhala pakhonde, kuluka anzake tsitsi ndi kuseka ndi foni. Mayi ake anandigwira mwendo kuti ndimutenge. Tsiku loyamba ndinamulangiza njira yonse: usayang'ane bwana m'maso, usayankhe usanafunsidwe, ukapatsidwa kanthu landira ndi manja awiri.

"Ba anti, imwe mukamba monga tiyenda ku chinamwali," anatero akuseka. "Ni nchito chabe."

Kuchapa ankachapa mwa apo ndi apo. Kolala ya shati ndinkachita kubwereza ndine. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo ya Tisa inali pakamwa. Tsiku lina analowa m'khitchini kudzamwa madzi ife tikupanga sosi. A Madamu, monga mwa chizolowezi chawo, anamulozetsa supuni. Mwana uja sanalandire n'komwe ndi manja. Anangoyasamula ngati mwana wa mbalame, n'kukwinya nkhope.

"Awe, Madamu, mandimu achuluka. Akuwawasa."

Ndinkadikira kuti athamangitsidwe, ndipo ndinayamba kale kuganiza zokawauza mayi ake. A Madamu analawa, n'kumenya tebulo ndi dzanja.

"Zoona! Mwana uyu ali ndi lilime!"

Mandimuwo ndinali nditawamva kale ineyo, ndipo ndinkangodikira kuti atuluke ndiwonjezere mayonezi. Kuyambira tsiku limenelo mawu ankamveka m'nyumbamo anali akuti, "Tisa, bwera udzalawe." Ine ndadula, ndasenda, ndatsuka daniya tsamba ndi tsamba, koma pomaliza aziitana wa kuchingwe cha zovala, manja ali thovu lokhalokha, kuti adzagamule.

Nthawi yomweyo kunamveka kuti ntchito ya abwana ikutha ndipo abwerera kwawo. Nyumbayo inali yoti mulowe banja lina, anzawo a kuntchito, opanda ana. Iwo ankafuna munthu mmodzi yekha, wophika, ndipo anasiyira a Madamu kuti asankhe. Poyamba sindinade nkhawa. Ndinkati angasiye ine, amene ndadziwa mphika uliwonse m'nyumba muno, n'kutenga mwana wosadziwa kuchapa kolala?

Tsiku limene zinthu zinatembenuka, Tisa ankatsuka filiji. Anapeza kabotolo kaja, ndipo asanakataye anakatsegula.

"Ba anti!" anakuwa. "Aka kabotolo kanunkha monga vija vimasamba va pa ngalande! Vija vamene ba mami bamaika ku nkhuku!"

Ndinamutsina pamkono. "Khala chete iwe, ulibe mwambo?"

Koma a Madamu anali atamva phokosolo. Anafunsa kuti kwagwanji, ndipo Tisa anawafotokozera zonse m'Chingerezi chake cha kusukulu, mpaka za utitiri, akuseka. Ine ndinkangoyang'ana pansi. M'mawa mwake mwana uja anaima pangalande, n'kuthyola mtolo wathunthu, n'kuyenda nawo paphewa anthu akumuseka njira yonse. Atafika anauponya patebulo la m'khitchini, patebulo langa.

A Madamu anathyola tsamba limodzi, kulitikita m'manja, kununkhiza. Kenako anakhala pansi, pasimenti penipeni, n'kuyamba kulira. Anadzuka n'kumukumbatira Tisa, kumupsompsona masaya onse awiri, akulankhula chilankhulo cha kwawo. Ine ndili chiimire ndi mpeni wa anyezi m'manja. Zaka zonse zija sanandigwirepo ngakhale paphewa.

Tisa sanali woipa mtima, ndipo chimenecho n'chimene chimandipweteka kwambiri. Akanakhala woipa bwenzi ndikumuda mwamtendere. Anafuna kundigawirako chisangalalocho.

"Ba anti nawonso akulidziwa," anawauza a Madamu. "Ku Malawi liliko lambiri."

A Madamu ananditembenukira. "Umalidziwa? Tsiku lija ndinakununkhiza, unalizindikira?"

"Inde, Madamu."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndinkaopa kukunyozani, Madamu. Kwathu si chakudya."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Nkhope yawo inali ya munthu amene wapeza kuti chitseko chimene wakhala akugogoda chinali cha nyumba yopanda anthu. Kenako anatembenuka n'kumufunsa Tisa ngati tchirelo limabereka njere.

La kungalande sanalidye, anati madzi ake ndi oipa. Anatenga njere n'kuuza a Banda, bambo wa m'maluwa, kuti afese kuseri kwa khitchini. A Banda anavula chipewa n'kukanda mutu. Anandinong'oneza kuti moyo wawo wonse akhala akulipidwa kuti azizula chinthu chimenechi, lero azichithirira? Tinaseka, ndipo kuseka kumeneko kunandipepuza tsiku limodzi lokha. Litamera, sosi anasintha. Ndisaname, anakoma kuposa kale. Munalowa kafungo kena kozizira, ngati timbewu tonunkhira tosakaniza ndi mandimu, kamene kankatsalira m'kamwa tsabola atatha kuwawa. Alendo akabwera a Madamu ankaitana Tisa pabalaza n'kuwauza nkhani yonse, ine ndikumvera kuseri kwa chitseko ndi mbale m'manja.

Ngakhale ku Ng'ombe ndinalibe kothawira. Lamulungu tikabwera kutchalitchi, Tisa ankapanga sosi yemweyo pakhonde la mayi ake. Bulenda analibe, ndipo magetsi ankangozimazima, ndiye ankabwereka kamtondo kanga kosinjira nsinjiro, kamene ndinachoka nako kwathu. Ankasinja adyo ndi tsabola kaye, kenako masamba, mayonezi n'kuthira pomaliza, ndendende mmene ankandionera ndikuchita kuntchito magetsi akazima. Anyamata okazinga tchipisi pamsewu ankabwera ndi timabakuli. Azimayi anzanga a panjira, omwe aja ankandipatsa moni woyamba, anayamba kumufunsa iye kapangidwe kake. Ine ndinkakhala m'kachipinda kanga chitseko chili chotseka, kumamva kamtondo kanga kakulira m'manja mwa wina.

Ndinaganiza kuti ngati chofunika ndi pakamwa, nanenso ndili napo. Ndinayeserera mawu njira yonse ya kuntchito. Tsiku limenelo a Madamu atandipatsa supuni sindinatembenukire kukhoma. Ndinalawa n'kunena kuti, "Mchere wachuluka." Mawuwo anatuluka mokweza, olimba ngati ndikukalipira mwana. A Madamu anadzidzimuka. Analawa, n'kuitana Tisa, nayenso analawa.

"Uli chabe bwino, ba anti," anatero Tisa motsitsa mawu, akundimvera chisoni.

Unalidi bwino. Ndinali nditakonzekera za mchere, ndiye ndinanena za mchere. Kulankhula kwa mtundu umenewo kumafuna munthu wobadwa nako.

Atatsala pang'ono kunyamuka, a Madamu anandiitana pakhonde. Anati Tisa ndi amene atsale m'khitchini. Anati banja latsopanolo silidziwa zakudya za kuno, likufunika munthu woti aziliuza zoona, ichi chaola, ichi mwagula modula, ichi simunaphike bwino. Ine anandipezera malo kwa mnzawo wina msewu wachiwiri, ntchito yochapa ndi kusita. Ndinathokoza ndi manja awiri n'kukana. Ndibwerere kuchingwe cha zovala, m'mawa uliwonse ndiziyenda njira imodzi ndi Tisa, iye n'kumakhotera kukhitchini kwanga? Ndinati ndakalamba, ndikufuna kukaona mwana.

Anandipatsa zinthu zambiri, mapoto, nsalu za pabedi, ndi ndalama zimene zinandithandiza kufolera nyumba ino. Potsanzikana anandigwira dzanja.

"Wandiphikira zaka zonsezi," anatero, "koma sindikudziwa ngakhale chinthu chimodzi chimene umachikonda, kapena chimene umadana nacho. Ndiuze chimodzi chokha ndisanapite."

Zinali zambiri. Ndinkakonda kuseka kwawo. Ndinkadana ndi supuni ija. Ndinkafuna kunena kuti tchire lija ndinayamba kulidziwa ndine, Tisa asanalowe n'komwe pageti.

"Zonse zinali bwino, Madamu."

Za kumudzi sindinena zambiri. Dalitso ndinamupeza ali mnyamata wa mawu aakulu, akuitana akulu anga kuti amayi, ine n'kumandipatsa moni wogwada ngati mlendo. Abale ena ankayembekezera kuti ndibwera ndi galimoto. Ndinayesapo kuwapangira sosi uja, ndipo atamva chimene ndathiramo, alamu anga anakankha mbale n'kunena kuti ku Zambia ndinakaphunzira kudyetsa anthu mankhwala a nkhuku. Zonsezo ndinazizolowera. Chimene sichichoka m'maganizo mwanga ndi ulendo wa pabasi wochokera ku Lusaka.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, ndili pampando kale, ndinamva wina akugogoda pawindo. Anali Tisa, wefuwefu, atanyamula jumbo. Munali nkhuku yootcha ndi botolo la sosi.

"Ba anti, napanga neka kuseni-seni. Mukadye pa njira. Imwe ndimwe munanipunzisa, ninali kumuonani chabe."

Ndinalandira ndi dzanja limodzi. Basi inanyamuka iye akubayibitsa, ndipo ine ndinayang'ana kutsogolo.

Jumbolo sindinalitsegule mpaka pa Luangwa, pamene basi imaima kuti anthu agule nsomba. Njala inali itandigwira. Ndinatsegula botolo ndi mtima umodzi wokha, wofuna kupeza cholakwika. Ndinaviika kachidutswa ka nkhuku n'kulawa pang'onopang'ono. Ndinafufuza mchere, unali wokwana. Ndinafufuza mandimu, adyo, tsabola. Ndinapendeketsa botolo padzuwa kuti mwina ndione kamtengo ka daniya kosasinjika. Munalibe. Mwana uja anasinja ndi manja, koma sosi anali wosalala kuposa wa makina, ndipo anali wokoma kuposa aliyense amene ndinapangapo ine.

Pafupi nane panakhala bambo wina wachikulire wa ku Katete, amene ankadya nsomba yake youma. Fungo linamupeza.

"Pepani amayi, n'chiyani chimenecho chikununkhira chonchi?"

Ndinamupatsa kuti alawe. Anaviika nsomba yake, kutafuna, n'kutsinzina.

"Amayi, muli ndi dzanja. Mwapanga nokha?"

Munthuyo sankandidziwa, ndipo sitikanadzaonananso. Ndikanatha kungovomera.

"Iyayi. Wapanga ndi mtsikana wina wa ku Ng'ombe."

"Mwana wanu?"

"Si wanga. Ndi amene watsala pa ntchito yanga."

Bamboyo anapukusa mutu, n'kunena kuti pepani, dziko ndi loipa. Anayang'ana kunja. Kenako anatambasulanso dzanja lake, nsomba ili kunsonga, kulunjika pabotolo lija.